Madiresi Amene Anadikira Sitima

"Amayi, musalire. Tsiku lina sitima zonse zofufuza za m'nyanja zidzayendera makina anga."

Mawu amenewa anayankhulidwa pa foni, m'khitchini ya pansi pa tchalitchi china ku South Bend. Woyankhulayo anali mtsikana wa ku Mchinji, dzina lake Chiyamiko, foni ataipanira paphewa, manja ali m'madzi a sopo. Ankayesa ali yekha. Sanaone kuti kawindo kopatsirana mbale kanali kotsegula, ndipo kuseri kwake amayi a m'bungwe la Amalawi anali kupinda nsalu za patebulo.

Palibe anaseka. Amayi athu ndi opemphera, saseka munthu ali pafupi, amangoyang'anizana. Wapampando wawo, Mayi Theresa, namwino wa zaka zambiri, anapinda nsalu imodzi mpaka inachepa ngati mpango wa m'thumba.

Kukayikako kunali ndi zifukwa. Ku Mchinji madzi aakulu ndi a m'dambo. Ku Indiana mukhoza kuyenda tsiku lonse pa galimoto, mbali iliyonse, mudzangoona chimanga. Chiyamiko anali asanaionepo nyanja ya mchere, kusambira sankadziwa, ndipo sabata yomweyo yunivesite inali itamuuza kuti walephera, sadzavala gauni ya uinjiniya.

Inu amene mukuwerenga muli pansi, dziwani kuti pansi pamakhala posiyanasiyana. Pali polephera wekha, m'chipinda mwako. Ndiye pali polephera anthu atakusokera kale yunifolomu.

Chiyamiko anabwera ku America atapata mwayi wa lotale ya grini khadi, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Masana ankaphunzira, nthawi yotsala ankasambitsa ndi kudyetsa agogo a Azungu m'nyumba yosamalira okalamba. Anali woyamba m'gulu lathu la ku South Bend, mwa atsikana, kuchita uinjiniya, ndiye amayi anati ameneyu timukonzera phwando loti ku Chicago amve. Nsalu inaitanitsidwa ku Limbe, ya chikasu yamaluwa obiriwira. Inabwera m'sutikesi ya munthu wina amene anasiya usipa wake pa Chileka kuti nsaluyo ipeze malo. Telala wa ku Indianapolis anasoka madiresi a amayi onse, ndi malaya amodzi a Mlembi Wamkulu wa bungwe, a Lyson.

Lamulo la yunifolomu silinalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa. Nsalu yosokera munthu imayamba kuvalidwa pa tsiku la munthuyo. Simungaitenge kupita nayo ku ukwati wa wina, anthu angakufunseni kuti mwasokonekera kalendala kodi. Choncho madiresi aja anakolekedwa m'makabati, m'mapulasitiki awo, ndipo mayi aliyense akatsegula kabati m'mawa ankakumbuka Chiyamiko.

Nanga analephera bwanji? Tsiku lina m'kalasi mwawo munabwera mlendo amene anawaonetsa zithunzi za sitima zofufuza. Sitima zimenezi zimapita pakati pa nyanja kukayeza kutentha kwa madzi, komwe kumabadwira anamondwe amene amadzagwetsa nyumba ku Phalombe ndi ku Nsanje. Zikafika zimaima pamodzi tsiku lonse, kutsitsa zida pa chingwe chachitsulo mpaka pansi penipeni, mainjini onse akulira, dizilo akupsa.

Chiyamiko zinamuwawa. Anati zili ngati namwino amene akuyeza malungo a wodwala uku akumukolezera mbaula kunsi kwa bedi.

Anasankha zimenezo kukhala ntchito yake yomalizira sukulu. Makina amene amapota ndi kumasula chingwe chija eni ntchito amawatcha winchi. Iye anati winchi ikamatsitsa katundu wolemera imataya mphamvu pachabe, ndipo mphamvuyo ingasungidwe. Aphunzitsi anati maganizo ndi abwino koma ali papepala pokha. Kuwonjezera apo anali atawodzera m'mayeso awiri chifukwa cha mashifiti. Sanamulakwire. Analephera ndithu.

Lamlungu lotsatira masana, Mayi Theresa ndi a Lyson anamupeza ku kanyumba kake. Anabwera mwachikondi, atanyamula nkhuku yootcha, chimene ndi chizindikiro choipa.

"Mwanawe," anayamba Mayi Theresa, "kuno Mmalawi amalowera khomo limodzi, la chipatala. Ukaapulaye unamwino. Zaka ziwiri wagraduweta, ife tavala nsalu yathu, nkhani yatha."

"Nsaluyo munasokera injiniya, amayi."

"Nsalu siwerenga satifiketi."

"Koma ine ndimawerenga."

A Lyson anatsokomola ngati munthu amene watsala pang'ono kupereka umboni wa katswiri. "Ine nyanja ndimaidziwa," anatero. "Ndinakwerapo feri pa nyanja ya Michigan mpaka kutsidya. Si malo a masewera amenewo."

Chiyamiko anawathokoza chifukwa cha nkhuku. Kenako anayang'ana Mayi Theresa m'maso, zimene sanaphunzitsidwe kwawo, nati, "Tsiku lanu ndidzakupatsani. Koma mudzaivalira injiniya, apo ayi idyedwe ndi njenjete."

Mayi Theresa ananyamula chikwama chawo. "Njenjete za kuno sizichedwa," anayankha.

Patapita miyezi ingapo Chiyamiko anasamukira ku Indianapolis. Anali atamva kuti galimoto za mpikisano zikamagwira mabuleki sizitaya mphamvu, zimaisunga n'kuigwiritsanso ntchito pothamanga. Anati ngati galimoto ingathe, winchi ilekeranji. Anayenda pa basi kuzungulira magalaja a ku Speedway, dera la mpikisano wa galimoto, kumene ngakhale ana a mkaka amadziwa kulira kwa injini, kupempha ntchito iliyonse.

Amene anamulandira anali Tiffany, mayi wa Chizungu amene anatsala ndi galaja ya bambo ake pamodzi ndi pakamwa pawo.

"Umadziwa chiyani za galimoto?" anafunsa Tiffany.

"Palibe. Ine ndikufuna kukonza sitima."

Tiffany anayang'ana panja, pamene panali phula lokhalokha. "Ikafika undiuze," anatero. "Pakali pano tsuka zitsulo izo."

Anatsuka zitsulo. Zala zinasweka ndi mankhwala ochotsera girizi. Koma wotsuka amagwira chitsulo chilichonse m'manja, ndipo iye ankafunsa dzina ndi ntchito ya chilichonse mpaka amakaniko anayamba kumuthawa pa nthawi ya nkhomaliro. Analembetsanso sukulu, phunziro limodzi pa teremu, monga mmene thumba linkalolera.

Ku South Bend moyo unkapitirira. Kunachitika maukwati, kunabadwa ana, anamwino atsopano anagraduweta, nsalu zina zinabwera ndi kuvalidwa. Ya chikasu ija inali chikolekere. Inafika mpaka polowa m'chiyankhulo. Munthu akalonjeza zinthu zosaoneka mutu wake, anthu ankati, "Imeneyo ndi nsalu ya Chiyamiko." Mwini dzina ankazimva, pajatu nkhani za Amalawi zimayenda mofulumira kuposa galimoto za ku Speedway. Pa Khirisimasi ankabwerabe, kukhala kumbuyo, kutsuka mbale, n'kubwerera.

Ndi zitsulo zimene galaja inataya anapanga winchi yake yoyamba. Anaimangirira ku mtanda wa denga, n'kukolekapo chibuma cha simenti. Chibuma chikamatsika, mabatire ankadzaza. Chikamakwera, mabatirewo ankathandiza kukoka. Zinkayenda bwino kwambiri moti Tiffany anasiya kutafuna chingamu kwa kanthawi.

Analembera mabungwe ambiri amene ali ndi sitima zofufuza. Ochuluka sanayankhe. Ena anayankha mwaulemu umene umatanthauza kuti usadzalembenso. Limodzi la kugombe la nyanja ya Atlantic linati bwera nayo, tili ndi ulendo waufupi, tikaiyese.

Nkhani itafika ku South Bend, a Lyson anailengeza m'tchalitchi ngati kuti sitimayo anaigula okha. Mayi Theresa anatulutsa diresi lawo n'kuliyanika pakhonde kuti lipitidwe mphepo.

Tsopano mverani chimene chinachitika, chifukwa apa ndi pamene ambiri timasiyira.

Sitima itangochoka padoko, Chiyamiko anazindikira kuti mimba yake ndi ya ku Mchinji. Anapatsidwa ndowa yosanziramo, ndipo ndowayo ndi imene anadziwana nayo bwino pa ulendo wonsewo. Atafika poyesera, anamangirira chida cha asayansi ku winchi yake n'kuyamba kutsitsa. Koma sitima siima ngati denga la galaja. Funde likabwera imakwera, likapita imagwa. Chingwe chinkati kukungika, kukhwefuka, kukungika. Makina ake anasokonezeka, osadziwa ngati akutsitsa kapena akukweza, kenako anatulutsa utsi n'kuzima. Chida cha anthu, chodula kuposa nyumba, chinatsala chikulendewera m'madzi, ndipo amalinyero anavutika theka la tsiku kuti achipulumutse.

Injiniya wamkulu wa sitimayo anali mayi wa imvi, wosakonda zoyankhulayankhula. Anamupeza Chiyamiko atakhala pansi, atakumbatira ndowa.

"Mwapanga makina abwino otungira madzi pachitsime," anatero mayiyo. "Vuto ndi lakuti kuno chitsime chimavina."

Anabwerera ku Indiana ndi bokosi la zitsulo zopserera. Diresi la Mayi Theresa linabwerera m'pulasitiki. A Lyson anakumbutsa anthu kuti iwo anachenjeza.

Ndipo nthawi yomweyo kunamveka nkhani ina. Mayi Theresa anali atatopa ndi chisanu cha kuno. Anati akupuma pa ntchito, nyumba yawo ya ku Zomba yatha, chisanu chikangotha akupita osadzabweranso. Anamuimbira okha Chiyamiko.

"Ndikupakira, mwanawe. Diresi lija ndipite nalo? Likhoza kutuluka masiketi awiri a adzukulu."

"Mulisiye kaye pamwamba pa sutikesi, amayi."

"Ukudziwa kuti nkhani ya unamwino sinatsekedwe?"

"Ndikudziwa. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

"Mphezi yakoyo yatiwotchera nsalu," anatero Mayi Theresa, koma foni anaidula mofatsa.

Anthu amakonda kunena kuti nzeru zimachokera m'mutu. Za Chiyamiko zinachokera m'mimba. M'galaja ya Tiffany munali tebulo lalikulu lachitsulo, la miyendo yoyenda yokha, limene amaikapo galimoto n'kuigwedeza kuti aone mmene idzachitire pa msewu wa mpikisano. Ankalidutsa tsiku ndi tsiku osaliganizira. Tsiku lina anaima n'kumayang'ana galimoto ikukwera ndi kutsika pamenepo, ndipo mseru uja wa pa Atlantic unabwerera wonse. Anathamangira kubafa. Potuluka anali akumwetulira, moti amakaniko anayamba kunong'onezana zina.

Anali atapeza nyanja yake, pakati pa Indiana.

Anali atapezanso pamene analakwitsa. Iye ankasaka mphamvu ya potsitsa katundu, kamodzi kokha, ngati ndowa ya pachitsime. Koma pa nyanja winchi sipuma. Sitima ikakwera ndi funde, winchi iyenera kumasula chingwe kuti chida chisakokedwe. Sitima ikagwa, iyenera kupota msanga. Pomasula imatulutsa mphamvu, popota imafuna mphamvu. Winchi zakale zinkataya yotulukayo ngati kutentha, n'kukapempha yatsopano ku injini. Mafunde amene anamusanzitsa ndi amene anali mgodi wake. Funde lina limapatsa, lotsatira limalanda, ndiye ntchito inali yongosunga za loyamba n'kupatsa lachiwiri.

"Ndikufuna tebulo lako Loweruka lililonse," anauza Tiffany.

"Uikepo chiyani?"

"Nyanja ya Atlantic."

"Ukamaliza ukolope," anatero Tiffany.

Sizinayende tsiku limodzi. Mabatire wamba ankachedwa kulandira ndi kupereka, anafunika a mtundu wa galimoto za mpikisano, amene amameza ndi kulavula mphamvu m'kuphethira kwa diso. Anawotcha zida zina. Chibuma cha simenti chinagwa n'kuswa pansi, ndipo anakonza yekha. Anaimbira injiniya wa imvi uja, amene anali ndi zifukwa zonse zomukanira, n'kumupempha miyeso ya mmene sitima yawo imavinira pa mafunde. Mayiyo anatumiza. Zikuoneka kuti anthu a pa nyanja amalemekeza munthu amene wasanza pa sitima yawo n'kufunabe kubwerera.

Koma bungwe la sitimalo linati ulendo uno sitipereka malo mwachisawawa. Tibwera tokha ku galajako, tione ndi maso. Anaika zofunika zitatu. Tebulo livine monga sitima yawo pa tsiku loipa, chibuma osasuntha pamalo pake. Jenereta yaikulu izimitsidwe, patsale yaing'ono. Ndipo makinawo asachite phokoso, chifukwa phokoso la sitima limathamangitsa nsomba ndi anamgumi amene asayansiwo amapita kukamvetsera. Zikakanika, asadzawavutitsenso.

Tsiku limene anasankha linali Loweruka lomaliza Mayi Theresa asananyamuke.

Munthu wanzeru akanayesa mwakachetechete, zikatheka n'kudzalengeza. Chiyamiko anakwera basi kupita ku South Bend, ndipo mapemphero atatha anaimirira pamaso pa amayi onse m'chipinda cha pansi chija.

"Loweruka mubwere ku Speedway," anatero. "Muvale nsalu ija."

Mayi wina, Flora, amene pakamwa pake sipadikira wapampando, anafunsa, "Wagraduweta liti osatiuza?"

"Sindinagraduwete. Gauni ndi ya chaka cha mawa. Koma Loweruka akubwera eni sitima kudzayesa makina anga."

"Ndiye apambana kale makinawo?" anafunsa Mayi Theresa.

"Ayi, amayi. Akayesedwa inu mukuona."

"Akakapsanso?"

"Mudzakhala mwaona injiniya akugwira ntchito. Zimapsa nthawi zina."

Mayi Theresa anali atagwira ntchito m'chipatala zaka zokwanira kudziwa kusiyana kwa munthu wodzitama ndi munthu amene wangotopa ndi kuopa. Anatembenukira amayi anzawo.

"Mwamva. Katulutseni."

Sabata imeneyo telala wa ku Indianapolis sanaone dzuwa. Madiresi anasokedwa pa matupi a zaka zingapo zapitazo, ndipo chakudya cha ku America sichisewera. Ena anamasulidwa m'misoko. Ena anawonjezedwa nsalu yakuda m'mbali. La Flora linakana zonse, linasanduka bulauzi ndi duku. Malaya a a Lyson anatseka mabatani atatu a m'mwamba, otsalawo anasiyidwa m'manja mwa Mulungu ndi jekete.

Loweruka m'mawa, galimoto zinatsika msewu wa ku Indianapolis zitandandalikana ngati zikuperekeza mkwatibwi. Amakaniko a Tiffany, anthu oti anaonapo zambiri, anaima kukamwa kuli yasa poona gulu la amayi a chikasu likulowa m'galaja, zidendene zazitali zikudumpha madontho a oyilo. A Lyson anafunsa kuti tebulo la alendo olemekezeka lili kuti. Anawapatsa tayala loti akhalepo.

Injiniya wa imvi anali atafika kale ndi anzake awiri. Anayang'ana amayiwo, n'kuyang'ana Chiyamiko amene anali m'ovolosi.

"Awa ndi ndani?"

"Ndili nawo ngongole," anayankha Chiyamiko.

"Auzeni kuti ndikuyeza phokoso. Pasamveke ngakhale kutsokomola mpaka nditanena."

Pa zonse zimene Amalawi a ku Indiana anapirira m'dziko la eni, chisanu, mashifiti, kusowa masamba a nkhwani, palibe chinaposa chimenechi. Amayi ovala yunifolomu, ali pa mwambo, kuwauza kuti asaimbe. A Lyson anali ndi mawu amene anakonzera phwando loyamba lija, ndipo anali atawawonjezera chaka ndi chaka. Anatsegula pakamwa, Mayi Theresa anawayang'ana, anatseka.

Winchi inali itamangidwa pamwamba pa tebulo, mkono wake utatulukira kumbali, chibuma chikulendewera pa chingwe. Pakhoma kuseri kwa chibumacho anajambula mizere iwiri ya choko. Chikangotuluka pakati pa mizereyo, nkhani yatha.

Tiffany anayatsa tebulo. Linayamba kukwera ndi kutsika, pang'onopang'ono, kenako mwaukali, winchi yonse ikuvina ngati yagwidwa mizimu. Chingwe chinkapotedwa ndi kumasulidwa mofulumira. Chibuma chinangokhala phee m'malere, ngati sichikudziwa zimene zikuchitika pamwamba pake.

Injiniya uja anakweza dzanja. Jenereta yaikulu inazimitsidwa.

Chibuma chinatsika. Aliyense anachiona chikutsika, mpaka m'munsi mwake munakhudza mzere. Flora anagwira dzanja la munthu amene sanayankhulane naye kuyambira pa nkhani ya mapoto a bungwe. Milomo ya Mayi Theresa inkayenda popanda mawu. Chiyamiko sanakhudze kalikonse. Anapinda manja kumbuyo, chifukwa anadziwa kuti pa nyanja sipadzakhala dzanja lake.

Funde lotsatira linabwera, mabatire analandira gawo lawo, ndipo chibuma chinabwerera pakati. Chinakhala pomwepo.

Anachisiya nthawi yaitali. Anawonjezera mafunde, anawasintha, anaika aja a tsiku limene makina oyamba anapsa. M'galaja munkangomveka kupuma kwa tebulo ndi kulira kwa msoko wina umene unkagonja pang'onopang'ono kumbuyo kwa mayi wina. Injiniya wa imvi ankayang'ana zoyezera zake ndi nkhope ya munthu amene akuwerenga za maliro a mlendo. Potsiriza anauza Tiffany kuti azimitse.

"Pakirani," anatero kwa Chiyamiko. "Tikunyamuka mwezi wa mawa. Ndowa yanu tinaisunga."

Chiyamiko analoza gulu la chikasu lija. "Kodi amayiwa angapange phokoso tsopano?"

"Angathe."

Nthungululu imene inatuluka pamenepo inakankha singano ya choyezera phokoso mpaka kumapeto. Anthu a m'magalaja oyandikana, ozolowera mainjini a mpikisano, anatuluka kudzaona chimene chaphulika.

Zitachepa, Chiyamiko anayenda mpaka pamene panali Mayi Theresa n'kugwada pa simenti ya oyilo.

"Amayi, ndinakulonjezani tsiku. Holo ndilibe, keke ndilibe, gauni ndilibe. Tsiku lake ndi limeneli. Ngati silikukwana, nenani."

Mayi Theresa anafunsa injiniya wa imvi uja, m'Chingerezi chawo cha ku wodi, kuti kodi mwana uyu kwanuko mumutcha chiyani. Mayiyo anayankha kuti pa mndandanda wa okwera sitima amulemba kuti injiniya, chifukwa palibe dzina lina la munthu wopanga zoterezi.

"Mwamva nonse?" anafunsa Mayi Theresa.

"Tamva," anayankha amayi.

"A Mlembi, mwamva?"

"Ndamva, ndipo ndikufuna ndinenepo kuti ine kuyambira pachiyambi..."

"Mwamva basi. Dzuka, mwanawe, ungadetse ovolosi." Anamudzutsa okha ndi manja awiri, oyilo n'kudetsa diresi limene linasungidwa m'pulasitiki zaka zonsezo. Sanaliyang'ane n'komwe. "Ngongole yatha. Kuyambira lero nsalu iyi yamasuka. Aliyense aivale kumene akufuna, ku ukwati, ku msika, kaya kogona."

"Ine ndiyambe ndavula kaye," anatero mayi wa msoko uja. "Chichokereni ku South Bend sindinapume."

A Lyson anapatsidwa mpata pambuyo pake. Anayambira pa chaka chimene iwo anafika ku America. Alendo a sitima anali ndi ndege yoti akwere, ndipo anachoka nkhani ya a Mlembi isanatuluke n'komwe pa bwalo la ndege la Chicago.

Lero sitima ija ikaima pakati pa nyanja kutsitsa zida zake, injini imodzi imazimitsidwa. Dizilo amene ankapsa pachabe amatsala m'thanki, ndipo asayansi akuti akumva bwino za pansi pa madzi. Ndi sitima imodzi yokha imene ili ndi makina akewo, ina ikufunsa. Chiyamiko amasanzabe ulendo uliwonse. Mayi Theresa ali ku Zomba, ndipo amene anawaona akuti amapita ku msika atavala diresi la chikasu lokhala ndi banga lakuda pachifuwa, ndipo wowauza kuti alichape amamva mbiri yonse.

Ndiye inu amene dzina lanu lasanduka mwambi pakamwa pa anthu, amene okukondani akukuonetsani khomo lotetezeka limene si lanu, muwathokoze chifukwa cha nkhuku, koma musalowe. Mukagwa kachiwiri, yang'anitsitsani chimene chakugwetsanicho, mwina mphamvu yanu ili momwemo. Ndipo musadikire kuti mupambane kaye mobisa. Itanani mboni, zivale, zibwere zidzaone mukugwira ntchito. Osataya mtima. Nsalu imadikira, ndipo ikathina, telala alipo.